Kodi liwu loti "dishevelled" linachokera kuti, nanga likusiyana bwanji ndi "unkempt"?

Tadala: Akuluakulu ndithandizeniko. Liwu loti dishevelled likumapezeka m'ndime zowerenga za Chingerezi, ndipo dikishonale ikungoti ndi munthu amene tsitsi ndi zovala zake sizili m'malo mwake. Kodi potchula timati dis-heveld kapena di-sheveld? Ngati dis- ndi yemwe uja wa mu dislike ndi dishonest, ndiye kuti munthu wotchena ndi "hevelled"? Komanso, kodi ndingaike unkempt pamalo pake tanthauzo osasintha?

Aphunzitsi Mbewe: Tadala, tiyambe ndi katchulidwe. Ndi di-SHE-vld, maphatikizo atatu, ndipo mphamvu ya mawu imagwera pa phatikizo lachiwiri. Zilembo s ndi h uzitchule pamodzi monga mu shop, osati padera monga mu mishap. Kumapeto usaonjezere i. Ambiri timati "dishevoledi" chifukwa m'Chichewa phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, koma Mngerezi amatseka ndi ld basi, monga mu travelled.

Za "hevelled" uziiwale, kulibe. Kadulidwe kenikeni ka liwuli si dis ndi hevel ayi, koma dis ndi chevel. Chevel ndi liwu la Chifalansa chakale lotanthauza tsitsi. Afalansa a nthawi imeneyo anali ndi mneni woti descheveler, kumasula kapena kusokoneza tsitsi, ndipo munthu amene tsitsi lake lamasuka ankati ndi deschevelé. Angerezi anatenga liwu lonselo lili lolumikiza kale. Sanatenge chevel payekha n'kumamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa anali nalo kale liwu lawo loti hair. N'chifukwa chake ukachotsa dis- umatsala ndi chinthu chimene Mngerezi sachidziwa.

Mayi Nachisale: Ndionjezerepo pa mfundo ya aphunzitsi. Njira imene liwuli linadzera ndi ya 1066, pamene William wa ku Normandy anapambana nkhondo ya ku Hastings n'kulanda ufumu wa England. Kwa zaka pafupifupi 300 zotsatira, kunyumba ya mfumu, kumakhoti ndi m'mabanja a anthu olemera kunkayankhulidwa Chifalansa, ndipo mawu masauzande ambiri analowa m'Chingerezi, makamaka a malamulo, zakudya, zovala ndi maonekedwe. Dishevelled ndi limodzi mwa amenewo. M'zolemba za m'ma 1300 mochedwa limaoneka ngati dischevele kapena dischevelee, lopanda d kumapeto. Angerezi anadzaonjezera -ed pambuyo pake kuti lifanane ndi afotokozi awo ena ochokera ku aneni. Pamene s ya des- inakumana ndi ch ya chevel, ziwirizo zinasungunukirana n'kukhala sh amene tikutchula leroyu. Choncho s yemweyo ali ndi ntchito ziwiri, theka ndi wa dis-, theka ndi wa sh.

Tadala: Zikomo aphunzitsi, zikomo mayi. Ndiye des- ameneyu ntchito yake ndi kutsutsa, ngati kunena kuti "alibe tsitsi"?

Aphunzitsi Mbewe: Ayi, si kusowa tsitsi. Ntchito yake ndi kubweza zimene zinachitidwa. Ganiza za -ula wathu: tseka, tsekula; vundikira, vundukula; manga, masula. Tsitsi linamangidwa, linalukidwa kapena linaphimbidwa, kenako lamasulidwa. Ndi mmene des- akugwirira ntchito pamenepa, ndipo mfundo imeneyi ndi imene idzayankhe funso lako lachitatu.

Bambo Chimphepo, Ulongwe: Ife a kuno ku Angónia liwu limeneli sitivutika nalo, chifukwa m'Chipwitikizi lili poyera. Tsitsi ndi cabelo, ndipo munthu amene tsitsi lake lasokonekera ndi descabelado. Des-cabel-ado, des-chevel-é, di-shevel-led: chinthu chimodzi chomwecho. Gwero la onsewa ndi liwu la Chilatini loti capillus. Kuti capillus akhale chevel panachitika zinthu zimene zimatsata dongosolo, sizinangochitika mwangozi. Ca- wa Chilatini kumayambiriro kwa liwu anasanduka cha- kapena che- m'Chifalansa, pamene Chipwitikizi chinamusunga. Hatchi ndi cavalo kwa Apwitikizi, cheval kwa Afalansa. Kuyimba ndi cantar uku, chanter uko. Mbuzi ndi cabra uku, chèvre uko. Ndiye p wa pakati pa liwu anafewa: m'Chipwitikizi anaima pa b, m'Chifalansa anapitirira mpaka v. Kenako -us wa kumapeto anagwa m'Chifalansa, pamene m'Chipwitikizi pamalo pake panakhala -o. Mukatsata masitepe amenewa, capillus akukupatsani cabelo mbali ino ndi chevel mbali inayo.

Afalansa a lero tsitsi limodzi amati cheveu, lambiri cheveux, chifukwa l uja anasanduka u. Munthu wa tsitsi lobalalika amati échevelé.

Nesi Naphiri: Bambo Chimphepo mwanditsegula maso pa capillus. Ndiye kuti ndi gwero lomwelo la capillary, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timene timalumikiza mitsempha yotulutsa magazi kumtima ndi yobweza. Anatitcha choncho chifukwa cha kuwonda kwake ngati tsitsi. Kusiyana kwake n'kwakuti capillary anatengedwa mwachindunji ku Chilatini ndi anthu a sayansi m'ma 1600, n'chifukwa chake c ndi p adakali momwemo, pamene dishevelled anadzera m'kamwa mwa Afalansa n'kufika atasintha kale.

Mayi Nachisale: Chinthu chimene ndikufuna Tadala amvetse ndi chakuti tanthauzo loyamba silinali la uve ngakhale pang'ono. Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, anagwiritsa ntchito liwuli m'mawu otsegulira The Canterbury Tales pofotokoza munthu wina wogulitsa zikalata za chikhululuko cha machimo. Munthuyo anali ndi tsitsi lachikasu lolendewera m'mapewa, chovala chophimba kumutu ndi m'khosi anachipinda n'kuchiika m'chikwama, n'kumayenda pa hatchi atangovala kachipewa kakang'ono. Chaucer anamutcha dischevelee. Ndipo akutiuza kuti mkuluyo ankaganiza kuti akutsata fashoni yatsopano. Sanali wosasamba, sanali wausiwa. Anali wosaphimba kumutu, tsitsi lili pamtunda.

M'nthawi imeneyo ku England ndi ku France mayi wapabanja ankamanga tsitsi n'kuliphimba. Kuoneka pagulu tsitsi lili lomasula kunali ndi tanthauzo: mtsikana wosakwatiwa, mkwatibwi, munthu wolira maliro, kapena mfumukazi pa tsiku lovekedwa ufumu. Anne Boleyn mu 1533 anayenda m'misewu ya London popita kukavekedwa ufumu tsitsi lili lomasula, ndipo umenewo unali ulemu, osati manyazi. Tanthauzo la kusalongosoka linabwera pang'onopang'ono, pamene anthu anayamba kuona tsitsi lomasuka ngati la munthu amene wangodzuka, wathamanga kapena wakangana. Kuchokera pa tsitsi liwulo linafalikira ku zovala, kenako ku thupi lonse, mpaka lero mukhoza kunena dishevelled bed, bedi losayala.

Bambo Zulu, Chipata: Amayi, pamenepo ndikufuna kutsutsako pang'ono. Mbiri ndi yokoma, koma mwana wasukulu sakufunsidwa za Chaucer. Lero lino Mngerezi akati dishevelled ndi unkempt amatanthauza chimodzi, ndipo madikishonale ambiri amamasulira lina ndi linzake. Tisamusokoneze mwanayu ndi kusiyana kumene eni chiyankhulo sakukuona.

Aphunzitsi Mbewe: Bambo Zulu, n'zoona kuti m'ziganizo zambiri mukhoza kusinthanitsa ndipo palibe angakudzudzuleni. Koma eni chiyankhulo kusiyanako amakumva, ngakhale sangakufotokozereni. Tayesani ichi. Munthu watsika pa kabaza mphepo itamukuntha, tayi yapita paphewa, shati yatuluka m'buluku. Mngerezi adzati he arrived dishevelled. Sadzati unkempt, chifukwa mamawa munthuyo anali atatchena, zangomusokonekera panjira. Tsopano tengani munthu amene ndevu sanamete miyezi itatu, tsitsi silinaone chipeso. Ameneyo ndi unkempt. Kapinga wosatchetcha ndi unkempt lawn, mpanda wa maluwa wosadulira ndi unkempt hedge. Dishevelled amanena za dongosolo limene linalipo koma lasokonekera, kawirikawiri posachedwapa. Unkempt amanena za chisamaliro chimene sichinaperekedwe kwa nthawi.

Ndipo kusiyanaku kukuchokera m'magwero momwemo. Unkempt si wa Chifalansa, ndi mbadwa ya Chingerezi. M'Chingerezi chakale chipeso chinali camb, kupesa kunali cemban. Mneniyo anadzakhala kemb, ndipo chinthu chopesedwa chinali kembed kapena kempt, b atasanduka p chifukwa choyandikana ndi t. Un-kempt ndi "wosapesa", liwu ndi liwu. Pambuyo pake Angerezi anayamba kugwiritsa ntchito dzina loti comb ngati mneni, kemb n'kufa, kempt n'kutsala ngati mwana wamasiye m'kati mwa unkempt.

Tadala: Nanga n'chifukwa chiyani comb ali ndi o koma kempt ali ndi e, ngati ndi banja limodzi?

Aphunzitsi Mbewe: Kalekale mneniyo anali ndi kaliwu konga i kapena y pambuyo pa tsinde, ndipo kameneko kanakoka a wa mu camb kuti akhale e, kenako iko n'kusowa. Zomwezo zinachitika mu food ndi feed, blood ndi bleed, full ndi fill. Dzina kapena mfotokozi amasunga lembo la liwu lakale, mneni amasintha. Camb uja ndiye anadzakhala comb, ndipo b amene lero satchulidwa kale ankamveka.

Achemwali a ku Pretoria: Mu Afrikaans chipeso ndi kam, wosapesa ndi ongekam. M'Chijeremani ndi Kamm, kämmen, ungekämmt. Mukaika unkempt pambali pa amenewa ubale ukuonekeratu.

Bambo Chimphepo, Ulongwe: Chipwitikizi nachonso chili nawo onse awiri, ndipo amasiyana. Chipeso ndi pente, wosapesa ndi despenteado. Descabelado ndi wolemererapo, ndi uja tsitsi laima mbali zonse ngati wadzikoka yekha. Asipanishi anapita nalo kutali: descabellado kwa iwo ndi ganizo lopanda mutu, lopenga.

Mayi Nachisale: Unkempt nayenso anayendapo ulendo wake. Edmund Spenser mu 1579 anagwiritsa ntchito liwuli ponena za ndakatulo zosasalala, zosakonzedwa bwino, osati za tsitsi. Choncho kufalikira kwa tanthauzo kuchoka pa mutu kupita ku zinthu zina n'kwakale. Ndipo mosiyana ndi "hevelled", kempt ndi liwu lenileni, lili m'madikishonale, kungoti limamveka lachilendo likakhala lokha. Limene mungakumane nalo ndi well-kempt.

Pali cholakwika chimodzi chofala kwambiri polemba: unkept m'malo mwa unkempt. Unkept amachokera ku keep, ndipo malo ake enieni ndi monga unkept promise, lonjezo losasungidwa. Kompyuta siingakuchenjezeni chifukwa onse awiri ndi mawu ovomerezeka. Muziyang'ana m wa pakatiyo ndi maso anu.

Bambo Zulu, Chipata: Chitsanzo cha kabaza chandigwira, ndavomera kuti pamenepo unkempt sangakhale. Koma tsono kalembedwe? Ena l mmodzi, ena awiri.

Aphunzitsi Mbewe: Onse ndi olondola, koma m'mayiko osiyana. Ku Britain amalemba dishevelled, ku America disheveled. Lamulo la ku Britain ndi lakuti mneni wothera ndi l amene watsatana ndi lembo la liwu limodzi, l amawirikizidwa poonjezera -ed kapena -ing: travelled, cancelled, labelled. Ku America amawirikiza pokhapokha mphamvu ya mawu ikagwera pa phatikizo lomaliza, n'chifukwa chake amalemba traveled ndi canceled koma compelled ndi controlled. Kalembedwe ka ku America kameneka kanakhazikika kwambiri ndi dikishonale ya Noah Webster ya 1828. Sukulu za ku Malawi ndi ku Zambia zimatsata kalembedwe ka ku Britain, choncho Tadala pa MSCE ulembe ndi l awiri. Polemba pa kompyuta, ngati mzere wofiira ukubwera pansi pa dishevelled, ndiye kuti chiyankhulo chaikidwa cha ku United States. Sinthani chikhale cha ku United Kingdom. Chachikulu ndi kusasakaniza: osalemba colour m'ndime yoyamba kenako disheveled m'ndime yachiwiri.

Zolakwika zina ndi kulemba s awiri, disshevelled, poganiza kuti dis- ayenera kukhala wathunthu sh asanayambe, ndi kulemba dishevilled ndi i. S ndi mmodzi, ndipo pambuyo pa di- zilembo za liwu zonse zitatu ndi e.

Mneni woti dishevel aliko, koma ndi wamng'ono kwa mfotokoziyo. Anthu ataona -ed anaganiza kuti payenera kukhala mneni, n'kumupanga cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Umu ndi mmenenso edit anachokera ku editor ndi burgle ku burglar. Mukhoza kunena the wind dishevelled her hair, koma nthawi zambiri liwuli mudzalipeza ngati mfotokozi.

Nesi Naphiri: Kuchipatala mawu awiriwa ndi a ntchito. Pofufuza za thanzi la maganizo, chinthu choyamba kulembedwa ndi maonekedwe a wodwala, ndipo malipoti amalembedwa m'Chingerezi. Unkempt amauza wowerenga kuti munthuyu wakhala osadzisamalira kwa masiku kapena masabata: zikhadabo zazitali, ndevu, fungo, zovala zosachapa. Zimenezo zimatsogolera dokotala kuganizira za matenda a kukhumudwa kwambiri, kuiwalaiwala kwa okalamba, mowa, kapena kusowa womusamalira kunyumba. Dishevelled yekha akhoza kungotanthauza kuti wabwera mothamangitsidwa usiku kapena wakomoka panjira. Langizo labwino kwa ophunzira unamwino ndi kulemba zimene maso akuona, monga shati yong'ambika paphewa, mabatani osemphana, matope m'mawondo, m'malo modalira liwu limodzi. Liwu limodzi likhoza kumveka ngati chiweruzo, makamaka kwa munthu amene vuto lake ndi umphawi, osati matenda.

Achemwali a ku Pretoria: Mfundo ya chiweruzoyo ndi yofunika kwambiri pa unkempt. Popeza gwero lake ndi "wosapesa", liwuli lakhala likuponyedwa pa tsitsi lachilengedwe la anthu akuda, afro kapena madiredi, ngati kuti tsitsi losamalidwa ndi lokhalo logona pansi. Kuno mu 2016 atsikana a pa Pretoria High School for Girls anachita zionetsero pa nkhani ya malamulo a tsitsi, ndipo kwathu mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta a madiredi aziloledwa m'sukulu za boma. Madiredi otsukidwa ndi kupotedwa bwino si unkempt, chifukwa chisamaliro chilipo. Olemba malamulo a sukulu ndi a pantchito azisamala nalo liwuli.

Tadala: Ndamva tsopano. Nanga scruffy ndi shabby akulowa pati? Nawonso dikishonale ikuwaika pamodzi.

Mayi Nachisale: Awiriwa magwero awo ali pakhungu. Scruffy amachokera ku scruff, amene ndi scurf yemweyo r atasuntha malo, ndipo scurf ndi mfundu, tinkhanambo touma ta m'mutu. Kusuntha kwa r kumeneku n'kofala m'Chingerezi: bird kale anali brid, third anali thridda, n'chifukwa chake pali three koma third. Poyamba scruffy anali munthu wa mfundu, tanthauzo la kusatchena linadzakula m'ma 1800. Lero ndi liwu lopepuka la pocheza: jinzi yakale, nsapato zosapukuta, ndevu za masiku awiri. M'kalata ya ntchito kapena lipoti musaliike.

Shabby amachokera ku shab, nkhanambo kapena mphere. Shab ndi scab ndi liwu limodzi: la sh ndi la Chingerezi chakale, la sk linabwera ndi anthu a ku Scandinavia, monga zilili ndi shirt ndi skirt. Shabby amanena za kutha kwa chinthu: jekete loperepeseka m'zigongono, mpando wofwifwa, nyumba imene penti inasupuka. Munthu akhoza kusamba, kupesa, kusita bwinobwino, n'kukhalabe shabby chifukwa zovalazo zatha. Limanenanso za khalidwe, shabby treatment, kuchitira munthu zachipongwe.

Bambo Zulu, Chipata: Muonjezere bedraggled ndi slovenly kuti banja likwane. Bedraggled ndi be- kuphatikiza draggle, amene ndi kukwekwesa pansi mobwerezabwereza, kuchokera ku drag. Chithunzi chake ndi chovala chachitali chokwekwesedwa m'matope. Choncho pamafunika madzi: munthu wovumbwa ndi mvula, nkhuku yonyowa. Pa dzuwa la Okutobala munthu sangakhale bedraggled. Slovenly ndiye wolemera kuposa onse, chifukwa amaweruza khalidwe, kuti munthuyo ndi wauve ndi wamphwayi mwa chizolowezi, ngakhale pa ntchito yake. Alibe ubale uliwonse ndi dziko la Slovenia. Ngakhale akuthera ndi -ly, kawirikawiri ndi mfotokozi, monga friendly: a slovenly worker.

Nesi Naphiri: Nanga omasulira m'Chichewa azitani nawo? M'nkhani za pa wailesi onsewa amangomveka kuti "wauve".

Mayi Nachisale: Kumeneko ndi kumulakwira munthu. Mayi amene wathawa m'nyumba yoyaka moto n'kufika kwa anansi dishevelled si wauve. Tinganene kuti anafika tsitsi lili nyankhalala, chitenje chitamasuka, zovala zili mbali. Unkempt ndi wosadzisamalira, wa tsitsi losapesa, ndevu zosameta. Pa bwalo kapena munda tinene kuti ndi wosalambula, wosasamalidwa. Shabby ndi zovala zakutha kapena zofwifwa, osafika pa nsanza, chifukwa nsanza ndi rags, ndipo wovala nsanza ndi ragged. Bedraggled ndi wovumbwa, wonyowa ndi wamatope. "Wauve" musungire slovenly ndi filthy. Womasulira ayang'ane kaye chimene chachitika m'nkhaniyo: kodi munthuyu zamusokonekera lero, wadzitayirira kwa nthawi, zovala zamuthera, kapena wanyowa?

Tadala: Ndiyeseko, mundikonze. After the fight he looked dishevelled. The old house had a dishevelled garden. She came in from the rain looking unkempt. His suit was clean but shabby.

Aphunzitsi Mbewe: Choyamba ndi chachinayi zili bwino. Chachiwiri si cholakwika kwenikweni, olemba nthano amatero akafuna kuti dimba lioneke ngati munthu, koma pa mayeso lemba unkempt garden kapena overgrown garden, chifukwa nyumba yakaleyo yakhala nthawi osasamalidwa. Chachitatu sintha, mvula yatchulidwa, ndiye liwu lake ndi bedraggled. Uonjezerenso chiganizo chimodzi cha scruffy ndi chimodzi cha slovenly, ndipo cha slovenly chikhale chonena za ntchito osati zovala, utumize pano tione.